Digiri Imene Munagawira a Lameki

Amayi,

Kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndafunsa chifukwa munandilera kuti kalata siyamba popanda moni, koma musaganize kuti ndalemba ndi mtima woyera. Ndakukwiyirani, Amayi. Mkwiyo umenewu ndayenda nawo mwezi wathunthu osapeza poutula, ndiye lero poti ndi Lamlungu ndipo kusukulu kulibe ntchito, khalani pansi mumve.

Ndiyambe ndi zakwathu, poti munkazikonda. Alamu anga, akazi a achimwene a Lameki, anachira mvula ili pakati, mwana wamkazi. Anamutcha dzina lanu, Esinati, ndipo anatengera mphuno yanu ndi makani anu omwe, moti akagwira bere salisiya mpaka atafuna yekha. Madzi anadzaza komboni yathu ya Chawama monga amachitira chaka chilichonse. Chimbudzi chathu chinagwa, a Lameki n'kukumba china pamene panali dimba lanu la mpiru, choncho za mpiru iwalani. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinabereka bwino, koma ana a eni ake anayamba kukolola ife tisanalawe. Tebulo lanu la salaula, zovala zakale zija, kumsika analitenga mayi wina wa ku Kanyama, amene amagulitsa nsapato zosiyana kukula maso ali gwa. Mpopi wa pamsewu masiku ano umatulutsa madzi m'mawa mokha.

Nkhani yaikulu ndi yakuti ndinamaliza. Mapepala onse awiri ndinalandira mwezi watha, digiri ya uphunzitsi wa masamu ndi digiri ya zachuma, onse olembedwa Dalitso Mwale. Mukanakhala moyo bwenzi mutaimba nthungululu mpaka kumveka ku Kafue Road. Koma palibe amene anaimba, ndipo m'nyumba mwanu ku Chawama sindikukhalamo. Ndikugona m'kachipinda ka lendi ku Mtendere, pafupi ndi sekondale imene ndayamba kuphunzitsako. Amene anandichotsa panyumba ndinu, ndi mawu amene munalankhula patatsala masiku atatu kuti mutisiye.

Popeza simunamvetse pamene ndinkakufotokozerani muli moyo, ndibwereze, mwina kumeneko makutu amatseguka. Yunivesite si sukulu imodzi. M'kati mwake muli masukulu angapo, iliyonse ndi mkulu wake, nyumba zake ndi mayeso ake. Ine anandilandira ku sukulu ya uphunzitsi. M'chaka chachiwiri ndinayamba kuzemba n'kumakakhala kumbuyo m'makalasi a zachuma, dzina langa mulibe m'buku lawo. Chimene chinkandipititsa kumeneko ndi Atate. Ndinkafuna wina andiuze chifukwa chimene fakitale ya mabulangete inatsekedwera boma litayamba kugulitsa makampani, ndi chifukwa chimene munthu wogwira ntchito mokhulupirika moyo wake wonse anabwerera kunyumba ndi kalata imodzi m'thumba, n'kukhala pakhonde mpaka kufa. Tsiku lina mphunzitsi wa kumeneko analemba samu pa bolodi, kalasi yonse inangoti zii, ine pakamwa panandiyabwa n'kuyankha. Atafunafuna dzina langa osalipeza, m'malo mondithamangitsa anandiuza kuti ndilembe kalata yopempha kuphunzira mbali zonse ziwiri.

Kalata imeneyo inayenda teremu yathunthu. Mkulu wa uku ankati ayambe kusaina ndi wa uko, wa uko n'kumati ayambe ndi wa uku. Potsiriza mkulu wa uphunzitsi anasaina akupukusa mutu, nandiuza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Anandiikira lamulo loti ndikangolephera phunziro limodzi, kaya ndi mbali iti, digiri yachiwiriyo yathera pomwepo. Anzanga amene ndinayamba nawo anavala mikanjo patatha zaka zinayi. Ine zinanditengera zisanu ndi chimodzi, osawerengera miyezi imene ankatseka sukulu n'kutibweza kunyumba.

Mukudziwa mmene ndinavumbwira, Amayi? Sukulu iliyonse imakonza nthawi ya makalasi ake ngati inzake kulibe. Lachiwiri lililonse ndinkafunika m'zipinda ziwiri pa ola limodzi, ndiye ndinkalowa kumodzi, kwinako n'kukapempha kope la munthu amene sankandikonda n'komwe. A uphunzitsi ankandinena kuti ndine wonyada, ndikuthawa choko. A zachuma ankanditcha ticha, ndipo akamagawana magulu owerengera limodzi ine ndinkatsala. Nthawi yophunzira ntchito ananditumiza ku sukulu ina ku komboni ya George, makalasi a zachuma ali m'kati. Ndinkaphunzitsa m'mawa, masana n'kukwera minibasi ziwiri, choko chidakali m'zikhadabo, kukafika mphunzitsi akupukuta bolodi. Kawiri konse mayeso anagundana tsiku limodzi ndi nthawi imodzi. Ndinkalemba oyamba ndi anzanga, kenako n'kunditsekera m'chipinda ndi mayi wondilondera kuti ndisamve mafunso kwa amene atuluka kale. Ngakhale kuchimbudzi ankandiperekeza n'kuima pakhomo. Ndikatero ndinkalemba achiwiriwo ndekhandekha, dzanja litachita dzanzi.

Zonsezi ndinkakuuzani, inu mukusankha majuzi a salaula pamphasa, ndipo munkangoti "eya, eya". Pa nkhani yonseyi munatolapo mawu amodzi okha, akuti mapepala ndi awiri.

Tsiku lija munali mutagona pamatiresi pabalaza, masana, chitseko chili chotsegula chifukwa munkati mpweya ukuchepa. Panali alongo anu, amalume a Daka, panali a Lameki, amayi awiri a kutchalitchi ndi ine. Munagawa bwinobwino, mawu osagwedera. Nyumba munapatsa a Lameki, makina osokera alamu, ziwiya ndi zitenje munati tigawane. Kenako munandiloza ndi chibwano n'kunena kuti, "Dalitso akutenga mapepala awiri. Limodzi n'lake, linalo apatse mlongo wake. Munthu savala majuzi awiri mbale wake akunjenjemera." Munatembenuza mutu n'kufunsa kuti, "Wamva, Dali?" Ine ndinati, "Ndamva, Amayi."

Cholakwa changa ndi chimenecho, ndipo sindichibisa. Ndinayesa ndi malungo akukulankhulitsani. Ndinaona kuti si bwino kutsutsana ndi munthu amene akupuma movutika, pamaso pa alendo. Ndinkati aliyense m'chipindamo akudziwa kuti digiri si juzi. Koma inu munkandidziwa bwino. Munadziwa kuti mukandiuza tili awiri ndikana, n'chifukwa chake munadikira mboni.

Zaka ziwiri zotsatira a Lameki sanatchulepo za pepala ngakhale kamodzi. Anangosintha. Anayamba kundifunsa kuti mayeso ali liti. Anauza alamu kuti asamanditume kumpopi kapena kuchapa, ndiziwerenga. Akapeza ganyu ku mafakitale ankandibweretsera mabanzi, ndipo tsiku lina anakonza okha tebulo lanu lothyoka mwendo lija kuti ndizilemberapo. Mtima wanga unkasungunuka, ndinkati imfa yanu yatigwirizanitsa. Sindikunena kuti sankandikonda. Koma tsopano sindingathe kusiyanitsa kuti banzi liti linali la mlongo wawo ndipo liti linali la pepala, ndipo chimenechi munandilanda ndinu.

Patatha sabata ndivale mkanjo, Loweruka masana, amalume anaitanitsa msonkhano pabalaza pomwe paja. Ndikulowa ndinaona patebulo pali fulemu yagalasi yatsopano, yopanda kanthu m'kati, kapepala ka mtengo wake kasanamatulidwe. Amalume anapemphera kaye, kenako anayamba ndi chinyanja chawo cha m'tauni chija.

"Dali, tiyamika Mulungu kuti wasiliza. Manje yafika nthawi yochita vamene banakamba bamai bako. Pepa ya uticha ni yako, sebenzesa. Ija ya vachuma upase Lameki."

Ndinaseka, Amayi. Ndinaseka ndekha, ena onse nkhope zili gwa. Amalume anapitiriza ngati sanamve, ndipo ndinazindikira kuti nkhaniyi anaiphika kalekale.

"Ku Kopala, ku migodi kuja, kuli kampani yamene yagula chigayo cha boma, bafuna munthu wa pepa woyang'anila sitolo. Zina ya Dalitso ni ya bamuna na bakazi bonse. Pa pepa palibe chitunzi cha nkhope yako. Reji yatsopano, chitupa cha boma chija, tizapanga, niziba munthu. Lameki azayenda kuja, azankala Dalitso Mwale, iwe uzankala Dalitso Mwale kuno. Ndani azaziba?"

Ndinafotokoza mofatsa poyamba. Ndinati mapepala onse awiri ali ndi nambala imodzi, nambala yanga, ndipo kampani ikangolemba kalata yofunsa kuyunivesite ipeza kuti Dalitso Mwale ndi mkazi. Ndinati zikadziwika andilanda onse awiri, ndipo a Lameki akagona kundende. Amalume anandiyang'ana ngati ndine mwana wokana phala.

"Unavomela pamaso pa banthu. Nenzepo, na bazimai ba ku chechi benzepo. Mau ya munthu wakufa sitiponda, mwana wanga. Chibale ni fupa, sichiola."

Apa m'pamene ndinapsa mtima, n'kuchita chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi mpaka lero. Ndinatembenukira kwa a Lameki, amene nthawi yonseyi anali atangowerama, n'kunena kuti, "Chabwino. Ba Lameki, tchulani kosi imozi chabe yamene ili mu pepa yamene mufuna. Imozi chabe, nizakupasani lelo." Ndinanena pamaso pa akazi awo. Ndinkadziwa kuti sangathe, n'chifukwa chake ndinafunsa.

Anapotokola chipewa m'manja. Pamene anayankha sanakweze mawu.

"Siniziba, Dali. Nenze mu Giredi 11 pamene bamai bananiuza ati mailo kukacha osayenda ku sukulu, uyende ku Indasitiriyo, ku mafakitale, ukanyamule masaka. Nenze namba wani mu masamu. Ndani anakupunzisa mafulakishoni iwe, pansi apa na makala? Zaka zonse izi niimilila pa geti, kuyembekeza kapitao anisonte na chala. Ine sininapemphe pepa yako. Ni bamai banakamba, ine ninakhulupilila chabe."

Mwamva, Amayi? Amenewo ndi mawu a mwana wanu woyamba. Ndipo pamenepa m'pamene pali mkwiyo wanga wonse.

Sindikukuimbani mlandu chifukwa munawachotsa sukulu. Ndinalipo, ndikukumbukira. Atate anali atakhala pakhonde osalankhula ndi munthu, ufa unkakwera mtengo sabata iliyonse, salaula yanu inali isanayambe kuyenda. Munayenera kusankha mmodzi, ndipo munasankha amene anali ndi mapewa onyamula matumba. Mayi aliyense wa mu Chawama anasankhapo zotere zaka zimenezo. Chimene ndikukuimbirani mlandu n'chakuti simunawapepese. Zaka zonse zija munkawaona akubwera fumbi la simenti lili m'tsitsi, inu n'kumangoti, "Mwamuna ndi mphamvu zake." Munkanyadira malipoti anga pamaso pawo, n'kumawaonetsa kwa aliyense wobwera kudzagula juzi. Chinkakudyani mumtima, ndikudziwa, chifukwa mwana wanu ndine ndipo inenso zimandidya chimodzimodzi. Koma m'malo moti muwaitane, muwagwire dzanja, munene kuti mwana wanga ndinakulakwira, munatambasula dzanja n'kutola chinthu changa, n'kuwapatsa, n'kutseka maso. Inu munapita mtima uli m'malo. Moto munausiya ndi ife.

Ndipo munawanamiza. A Lameki si chitsiru, mutu wawo umaposa wanga. Akanakhala munthu wina wowauza kuti digiri imagawidwa bwenzi atamuseka. Koma munthu amene waima pa geti zaka zonsezo, mayi wake akamuuza akufa kuti chako chikubwera, amakhulupirira. Zaka ziwiri akhala akudziona atavala tayi ku Kopala. Anauza apongozi awo. Anagula fulemu. Munawachotsa sukulu kamodzi muli moyo, ndipo munawachotsanso kachiwiri muli m'manda, kudzera pakamwa panga.

Ndinayesa kukonza. Ndinati a Lameki alembetse mayeso a Giredi 12 ngati munthu wapadera, ine ndiziwaphunzitsa Loweruka ndi Lamlungu, m'zaka ziwiri akhoza kulowa koleji ndi dzina lawo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nikankale pa desiki na bana, mwana wanga azidya chani?" Digiri yanga ya zachumayo sinandiphunzitse yankho la funso limenelo.

Amalume ndiwo anatseka mlandu. Anati nyumba ija ndi ya a Lameki chifukwa cha mawu anu, ndipo pepala ndi lawo chifukwa cha mawu omwewo. Anati munthu sangakane mawu a malemu masana, n'kukagona pansi pa denga la malemuyo. Anandipatsa sabata imodzi kuti ndiganize. Anawonjezera kuti ndikapanda kusintha, pa mwambo wovundukula chiliza chanu mvula isanayambe, ine ndisadzaonekeko. A Lameki sanavomere, komanso sanakane. Ndinasamukira ku Mtendere sabatayo isanathe. Alamu anandithandiza kumanga mabuku m'katoni akulira, mwana ali kumsana, ndipo anandiikira ufa pang'ono m'pepala amuna awo asakuona.

Musaganize kuti sindinayesedwe. Lachisanu la sabata imeneyo ndinaika pepala la zachuma mu envulopu, n'kukwera minibasi. Ndinkati mwina kampaniyo sifunsa, mwina palibe adzadziwe, ine uphunzitsi undikwanira. Nditafika m'tauni, posinthira minibasi ya ku Chawama, ndinatsegula envulopu kuti ndilione komaliza. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinabwerera chifukwa choopa kuti a Lameki amangidwa. Mantha amenewo analipo ndithu, ndipo alipobe. Koma zoona zake n'zakuti ndinaona dzina langa, ndinakumbukira mayi uja ataima pakhomo la chimbudzi kundilondera, mtima n'kukana. Ndi langa, Amayi. Ndinalivutikira ndekha, ndipo munalibe mphamvu yoligawa. Kondakitala anali atandigwira kale mkono, koma ndinamuuza kuti andisiye, n'kubwerera ku Mtendere.

Lachinayi lapitali kampani ina ya ku Heavy Industrial Area inandiitana kukandifunsa mafunso a ntchito, chifukwa cha pepala lomwelo. Ndinavala siketi yakuda ndi jekete imene munandisankhira m'belo lanu lomaliza. Ndikuyenda kuchoka pamene minibasi inanditsitsa, ndinaona gulu la amuna ataima pa geti la nyumba ina yosungiramo katundu, kudikira ganyu. A Lameki anali pakati pawo, atavala ovololo yong'ambika pabondo. Ndinawoloka msewu. Ndinati, "Ba Lameki, muli bwanji? Esinati ali bwanji?"

Anzawo onse anatembenuka kuyang'ana jekete ndi envulopu yanga. A Lameki anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri, monga amachitira kwa akuluakulu a pakampani.

"Tili bwino, ba madamu. Muyende bwino."

Anatembenukira ku geti chifukwa kapitawo anali akutuluka. Ndinaima tsidya lina mpaka anamaliza kuloza. Anatenga anthu asanu, ndipo achimwene anga sanali m'gulumo. Anavalanso chipewa n'kuyamba ulendo wa ku geti lina, osacheuka. Munthu amene ankandibereka kumsana powoloka madzi a mvula popita kusukulu wanditcha madamu. Ndinakalowa m'chipinda cha mafunso maso ali ofiira, ndipo ndinayankha zonse bwinobwino, mwina ntchitoyo ndiipeza.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo sindinakukhululukireni. Zonse ziwirizi n'zoona, muzilandire mmene zilili. Kuchiliza kwanu sindidzabwera, poti andiletsa, ndipo sindikapempha. Lonjezo langa ndi ili. Pepala lija silichoka m'dzina langa, ngakhale mutabwera kutulo kudzalitenga. Koma ndizitsika pa mageti aja sabata iliyonse, kuwafunafuna a Lameki n'kuwapatsa moni pamaso pa anzawo, mpaka tsiku limene adzatope n'kunditukwana ngati mlongo wawo. Za funso langa loipa lija ndidzapepesa ndekha. Pepani wanu uja sindikakunenerani, akudikirabe inu.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Dalitso